Ababa Pansi pa Galimoto Yanga

Ababa anabwera kudzakhala nane ku Mangochi patangotha miyezi inayi amayi atamwalira. Sankafuna. Ndinawakakamiza ndine, chifukwa kumudzi ku Ntcheu kunalibe wowakumbutsa kumwa mankhwala a shuga, ndipo azichimwene anga awiri onse ali ku Joni. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasekondale ina kufupi ndi boma, ndikukhala m'nyumba ya sukulu. Ndinawapatsa chipinda cha mbali yolowera mphepo, koma kutentha kwa kuno sanakuzolowere.

Moyo wawo wonse anali makaniko. Anakonza magalimoto aboma mpaka kupuma, ndipo atapuma ankakonzabe mathirakitala ndi zigayo za anthu. Azichimwene anga anawaphunzitsa kugwira sipanala akadali ku pulayimale. Ine ayi. Ndikayandikira pamene akugwira ntchito ankati, "Iwe pita ukawerenge, udetsa diresi." Sankanena mwaukali. Ndi mmene ankaonera zinthu basi.

Ku Mangochi analibe chochita. Ankakhala pakhonde ndi kawailesi kawo kuyambira m'mawa mpaka ine kuweruka. Maso anali atayamba kuchita chifunga, moti kuwerenga anasiya. Anthu oyandikana nafe ankawapatsa moni m'Chiyao, iwo n'kungoyankha kuti zikomo. Chakudya ankangolawa. Ndinkawaona akuchepa m'malaya mwawo.

Ndinali ndi kagalimoto kakale kochokera ku Japan, kaotomatiki. Ababa ankakanyoza. "Galimoto yopanda kilatchi ndi ya alesi," ankatero akamakwera. M'mwezi wa Okutobala galimotoyo inayamba makhalidwe. M'mawa ndikaika pa D inkayamba yaganiza kaye isananyamuke. Pamalo poimika pankapezeka madontho a oyilo wofiira. Sindinawauze, poopa kunyozedwa.

Loweruka lina tinapita limodzi ku chinkhoswe cha mphunzitsi mnzanga cha ku Makokola. Pobwerera masana, dzuwa likuswa mtengo, ababa anati, "Tatseka wailesiyo." Ndinatseka. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Kunkamveka kaphokoso kosalekeza ngati ka udzudzu waukulu.

"Ponda pang'ono. Siya. Pondanso." Anamvetseranso. "Zayamba liti zimenezi?"

"Masabata awiri apitawo."

"Ndipo sunandiuze." Anapukusa mutu. "Pampu imeneyo."

Sitinayende mtunda wautali. Injini inkalira ndithu koma galimoto inkangofooka, mpaka inaima pambali pa msewu pafupi ndi amayi ena ogulitsa mphasa. Podikira wotikoka, ababa anandifotokozera. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti m'giyabokosi mumakhala pampu. Anati m'galimoto yaotomatiki ntchito imene phazi limagwira imagwiridwa ndi oyilo, ndipo chimene chimakankha oyiloyo ndi pampu yokhala kutsogolo kwenikweni kwa giyabokosi. Ikafooka, palibe giya imene ingagwire. Ankalankhula akujambula m'malere ndi manja. Chiyambire kubwera kuno ndinali ndisanawamve akulankhula nthawi yaitali chotero.

Lole ina yonyamula usipa inatikokera kugalaja ina kuseri kwa msika. Inali shedi ya malata basi, pambali pa mtengo wa mango. Mwini wake anali bambo wamfupi, Msilamu, wa imvi pang'ono m'ndevu. Anabwera kuno ali mwana, kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo Chichewa chake chinali cha lilime la Chiyao. Atamva mmene ababa ankafotokozera vutolo, anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Atati, inu ntchito imeneyi mumaidziwa kuposa ine. Bwanji tiigwire limodzi?"

Atati ndi mmene amaitanira bambo m'Chiyao. Ababa anayang'ana kumbali ngati sanamve bwino, kenako anati, "Tiona, achimwene."

Lolemba ndinadzuka n'kuwapeza atavala kale ovolosi yawo yakale, imene sindinkadziwa kuti anabwera nayo. Bokosi lawo la zitsulo linali pakhomo. Linali sabata la tchuthi chapakati pa temu, choncho ndinapita nawo. Tinakwera makabaza awiri, bokosi lili pamiyendo pawo.

Tsiku loyambalo linatha ndi kutsitsa giyabokosi. Anakweza galimoto pamasitandi, n'kukhetsera oyilo m'beseni. Oyiloyo anali atada, akununkha ngati chinthu chopserera. Anachotsa matayala akutsogolo, mashafiti, sitata ndi mawaya ambirimbiri. Ababa ankauza mwini galaja kuti mabawuti a chinthu chilichonse aikidwe m'chitini chakechake. Ine ntchito yanga inali yosaka zitini ndi kukagula madzi ozizira.

Lachiwiri giyabokosi inali itakhazikidwa patayala lakale, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba. M'kamwamo munali chitsulo chozungulira, cholemera, chonga dzungu lophwatalala. Ankachitcha konveta. Ndicho chimalumikiza injini ndi giyabokosi, ndipo khosi lake ndi limene limazunguza pampu. Atachizula, pampuyo inaonekera, yomangidwa ndi mabawuti mozungulira. Mwini galaja atamasula mabawutiwo anatenga chitsulo kuti atokose m'mbali.

"Ayi, achimwene, mukanda pokhalira pake," anatero ababa. "Pezani mabawuti awiri aatali. Mulowetse uku ndi uku, tikoke mofanana."

Anachita zomwezo, ndipo pampu inatuluka bwinobwino. Anaiika pathebulo pamene anayalapo katoni yoyera, n'kuitsegula pakati. Mkati munali magiya awiri okha, ina mkati mwa inzake. Ndinadabwa kuti tinthu tochepa chotero ndi timene tinatiimitsa pamsewu. Ababa analamula kuti magiyawo aikidwe chizindikiro kuti podzabwezera asatembenuzidwe. Atatsuka zonse ndi parafini, vuto linaoneka. Bushi, kamkombero kamene khosi la konveta limazunguliramo, inali itadyeka mbali imodzi. Siilo yotchinga oyilo inali itauma gwa ngati chikopa, n'kung'aluka.

Kenako ababa anandiitana. "Tabwera kuno, mwanawe. Yendetsa chikhadabo chako mkati umu. Ukumva chiyani?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina. Ndinayendetsa chikhadabo m'chitsulo chosalalacho.

"Pali kamzere kamodzi."

"Chikhadabo chikukodwa?"

"Ayi, chikungodutsa."

"Ndiye thupi lake lili bwino. Tisintha bushi, siilo, gasiketi ndi timaringi ta labala. Yendetsanso pamano apa."

Ndinali mayi wamkulu, wophunzitsa ana a Fomu 4, koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikununkhiza zala zanga ngati kamtsikana. Mafuta akuda a m'zikhadabo sindinawachotse msanga.

Zipangizo zinafika Lachinayi pa minibasi yochokera ku Limbe. Tsiku lonselo anali kumanga pampu. Bushi yatsopano anailowetsa pang'onopang'ono ndi chidutswa cha paipi. Siilo anaigogoda mozungulira mpaka inakhala mofanana. Magiya anawapaka oyilo watsopano, wofiira ngati sobo, ndipo mabawuti ankamanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake. Zambiri ankagwira ndi mwini galaja, ababa ataimirira pambali pake, nkhope ili pafupi kwambiri ndi chitsulo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Sabata limenelo ankamaliza chakudya chonse m'mbale. Ankandifunsanso ngati kwatsala tiyi.

Lachisanu m'mawa pampu inabwerera m'malo mwake. Itayandikira nthawi ya mapemphero, mwini galaja anasamba, n'kuvala mkanjo woyera.

"Atati, ndikupita kumzikiti kukaswali Juma. Mupume kaye. Ndikabwera tikweza limodzi."

Atangokhota pakona, ababa anadzuka pampando. "Tiye timudabwitse. Akapeze takweza kale."

"Ababa, si bwino kudikira?"

"Magiyabokosi a malole ndinkakweza ndekha. Ndilephere aka?"

Sindinatsutse. Kunena zoona, nanenso ndinkafuna. Ananyamula konveta n'kuilowetsa, akuizunguza uku ndi uku. Patapita kanthawi anati yalowa. Tinakankhira giyabokosi pajeke ya matayala mpaka pansi pa galimoto. Iwo anagona chagada pakatoni, ine ndikupopa jeke monga ankandiuzira. Kweza. Ima. Tsitsa pang'ono. Giyabokosi inafika pa injini, koma sizinakumane bwino. Panatsala mpata woti chala n'kulowa.

"Ababa, pali mpata kuno."

"Mabawuti akoka. Ndipatse sipanala."

Anayamba kumanga. Ndinkamva kupuma kwawo kukulemera. Mpata unkachepa pang'onopang'ono. Kenako panamveka kaphokoso kamodzi, kakang'ono, ngati munthu waluma kamwala mumpunga. Sipanala inaleka kulira. Ndinkangoona miyendo yawo itatulukira kunja, osagwedera.

"Chinali chiyani chimenecho?"

"Palibe. Ndipatse sipanala ya folotini."

Mwini galaja atabwera anaomba m'manja. "Atati, mwandichititsa manyazi! Munthu kungopita kukaswali basi?" Ababa sanaseke. Masana onsewo ankabwezera mashafiti, mawaya ndi matayala, iwo ali duu. Ndinkaganiza kuti atopa. Cha m'ma folo anathira oyilo watsopano, n'kundiuza kuti ndilize injini. Inalira bwinobwino. Ndinaika pa D, n'kuchotsa phazi pabuleki. Galimoto sinasunthe. Ndinaika pa R. Chimodzimodzi.

Mwini galaja anamasula kapaipi kena ka oyilo, n'kundiuza kuti ndilizenso. Sipanatuluke ngakhale dontho. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana ababa, kenako anayamba kupukuta manja ndi chiguduli nthawi yaitali.

"Zipangizo za masiku ano, atati," anatero. "Amatigulitsa zabodza anthu amenewa."

"Musandinamizire, achimwene." Mawu a ababa anali otsika koma omveka. "Zipangizo zilibe mlandu. Konveta sinakhale mpaka pansi. Ndinakoka ndi mabawuti, ndathyola giya ya pampu. Ndinamva ikuthyoka. Mwanayu anandifunsa, ndinamuuza kuti palibe."

Kumsika kunkamveka munthu akuitanira malonda a chinangwa. Ababa anavula ovolosi pomwepo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kunyumba. Ndinawatsatira ndi kabaza koma anakana kukwera.

Mawa lake mwini galaja anatsitsanso giyabokosi ndi anzake. Giya yamkati inali itasweka pawiri, ndipo zidutswa zake zinali zitakanda thupi lonse la pampu. Inali yosakonzekanso.

Lamulungu ababa sanapite kutchalitchi. Nditabwerako ndinawapeza pakhonde, wailesi ili yotseka. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuyamba kunena zoti aliyense amalakwitsa. Anandidula.

"Kanditengere singano."

Ndinakatenga. Anaigwira movutikira, n'kudzibaya kunsonga kwa chala. Kadontho ka magazi kanatuluka. Nkhope yawo sinasinthe.

"Waona? Chiyambire chaka chatha zala izi zili ngati ndavala magolovesi. Konveta ija imalowa katatu. Imagwa kamodzi, kawiri, kachitatu ndiye yakhala. Umazimva m'manja. Ine sindinamve chilichonse. Ndinangoganiza."

"Bwanji simunandiuze? Tikanapita kuchipatala."

"Makaniko wopanda maso angathe kugwira ntchito. Wopanda zala ndi chiyani?" Anapukutira chalacho pabuluku. "N'chifukwa chake ndinakuitana tsiku lija kuti uyendetse chikhadabo. Usaganize kuti ndinkakuphunzitsa. Ndinkabisa."

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba ngati ndikukatsuka mbale. Ndinalira kwambiri. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti chimene chinkandiliza kwambiri sichinali zala zawo, koma mawu omalizawo. Ndikanakonda akanandisiya ndi bodza langa.

Masabata awiri otsatira anali ovuta. Sukulu inatsegulidwa, ndinkapita pa kabaza. Ababa anabwerera pakhonde, koma tsopano ngakhale wailesi sankatsegula. Ndinawatengera kuchipatala. Anawasinthira mankhwala, koma anatiuza mosabisa kuti mitsempha ikafa chotero kawirikawiri sibwerera.

Tsiku lina masana mwini galaja anafika panjinga, atamanga chinthu m'chiguduli kumbuyo. Inali pampu ina, yochotsedwa m'galimoto yochita ngozi. Anaiika pamapazi pa ababa, n'kukhala pansi pasitepe, ngakhale ndinamupatsa mpando.

"Atati, Loweruka tikuika. Mubwere."

"Ikani nokha, achimwene. Mumatha."

"Ine otomatiki ndimaiopa."

"Musandinyengerere ngati mwana."

Bamboyo anaseweretsa chipewa chake. "Chabwino, ndinene zoona. Inenso ndinathyolapo pampu chimodzimodzi, kalekale, m'galimoto ya msilikali wina. Zala zanga zinali zabwinobwino. Ndinamuuza kuti giyabokosi yake inali yowola kale, anakhulupirira. Mpaka lero ndikamuona mumsika ndimakhota. Inu munanena pamaso pa mwana wanu. Ine sindinathe." Anadzuka n'kukwera njinga. "Loweruka, atati, in shaa Allah."

Pampuyo inagona pakhonde masiku atatu.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Ovolosi sanatenge. Titafika anapempha mpando, n'kukhala pafupi ndi giyabokosi, ndodo ili pakati pa miyendo. Mwini galaja anatsegula pampu ija, kuiyang'ana, kuitsuka, kuika siilo ina yatsopano, n'kuimanga m'malo mwake. Atafuna kunyamula konveta, ababa anati, "Mulekeni aike mwanayu."

Ndinamanga chitenje mwamphamvu. Chitsulocho chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo oyilo amene tinathiramo ankandiyenderera m'mikono.

"Paka oyilo pakhosi pake. Ilowetse mowongoka, usang'ambe siilo. Tsopano zunguza ukukankha pang'ono."

Inagwa kamodzi. Ndinaimva m'manja ndi m'mapewa momwe.

"Kamodzi," ndinatero.

"Pitiriza."

Inagwanso. Kenako inakana. Ndinazunguza, ndinazunguza, thukuta likulowa m'maso. Ndinayamba kukankha ndi mphamvu.

"Usakakamize!" anakuwa ababa, mpaka anthu a pashedi yoyandikana anatembenuka. Anatsitsa mawu. "Usakakamize, mwanawe. Inyamule pang'ono pamphuno pake, uzizunguza. Ipeza yokha."

Ndinachita zomwezo. Patapita nthawi imene inaoneka yaitali kwambiri, chitsulocho chinatsetsereka n'kumira mkati ndi kaphokoso kakuti gu.

"Katatu."

"Achimwene, ikani chitsulo chowongoka pakamwa pake, muyeze mpata."

Mwini galaja anayeza n'kunena kuti yakhala. Titakweza giyabokosi, inakumana ndi injini yokha, phaa, bawuti ngakhale limodzi lisanalowe. Masana galimoto inayenda. Ndinaizungulitsa kuseri kwa msika, ababa ali pampando wakutsogolo, mwini galaja ali kumbuyo akuseka ndi kumenya mpando. Magiya ankalowa osamveka n'komwe. Ndinkayang'ana ababa m'mbali mwa diso. Anali atatseka maso, akumvetsera.

"Yakhala bwino," anatero.

Ndinkaganiza kuti zikatero mtima wawo ubwerera m'malo. Sizinatero. Patapita masiku ochepa anandiuza kuti akufuna kubwerera kumudzi. Ndinakana. Ndinawauza za mankhwala, za chipatala chimene chili pafupi, za azichimwene anga amene adzandinena kuti ndawathamangitsa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wandisunga bwino, sindikudandaula. Koma kuno ndimangodikira kuti uweruke. Kumudzi ndikadziwa amene akudutsa pamsewu ndi mawu ake okha. Manda a amayi ako ali konko. Ndiperekeze."

Tinakangana mpaka sukulu kutsekera. Pomaliza azakhali, mlongo wawo wa ababa, anavomera kuwatenga ndi kumawayang'anira. Tsiku la ulendo lisanafike, ababa anandituma kuti ndikasiye bokosi lawo la zitsulo kugalaja kuja. Ndinali ndikuyembekezera kuti mwina andisiyira ine, koma sindinanene. Mwini galaja anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri.

Tinanyamuka m'mawa, mvula yoyamba itagwa kale, anthu ali m'minda kubzala. Tinadutsa ku Liwonde ndi ku Balaka. Njira yonse ndinkadikira kuti anene kanthu za tsiku lija, kuti ndinagwira bwino, kapena kuti akanandiphunzitsa kale. Titayamba kukwera mapiri a kwathu anatsitsa galasi kuti mphepo yozizira iwawombe kumaso, n'kunena kuti, "Oyilo wa giyabokosi uzimuyang'ana injini ikulira, galimoto itaima pamalo osatsetsereka. Akayamba kuda usadikire." Ndinati ndamva.

Kumudzi anakhala miyezi isanu ndi umodzi. Ndinkapita kukawaona mwezi uliwonse. Maso anatheratu cha m'ma Epulo. Chilonda chaching'ono cha kuphazi, chimene sanachimve pochiponda, chinakula mpaka anawagoneka m'chipatala. Anamwalira mu Juni, kukuzizira kwambiri, ine ndili m'kalasi ku Mangochi. Uthenga ndinaulandira pa nthawi ya buleki.

Mwa azichimwene anga, mmodzi yekha ndi amene anakwanitsa kubwera. Tsiku loika maliro, tili mkati mwa mwambo, ndinaona munthu wamfupi wa chipewa choyera atakhala kumapeto kwa abambo, akunjenjemera ndi chisanu m'kashati kopyapyala. Anali mwini galaja uja. Sindinamuuze ndine. Anamva kwa mlonda wa kusukulu kwathu, n'kukwera maminibasi atatu. Nyimbo zathu sankazidziwa, anthu sankamudziwa, koma anakhala mpaka kumanda, ndipo anapempha fosholo n'kuthira nawo dothi. Azakhali anamubwereka jekete.

Patatha masiku awiri tinabwerera limodzi ndi mwini galajayo. Iye anagona tulo kuyambira ku Balaka, mutu utatsamira pagalasi. Ndinamutsitsa pakona ya kumsika, ana ake n'kuthamangira kudzamulandira thumba la mbatata limene azakhali anamupatsa. Ine ndinapitirira kunyumba, ndinatsegula mawindo onse, n'kusita zovala. Mawa lake ana a Fomu 4 ankayamba mayeso, ndipo dzina langa linali pa mndandanda wa oyang'anira.